Kalata yotseguka: Ikani makwerero oti odziwa milandu yaupandu afike pa uloya

Kwa a Khonsolo yoona za maphunziro a zamalamulo, a Nduna ya Zachilungamo, akuluakulu a Malawi Institute of Legal Education, a nthambi ya zamalamulo ku University of Malawi, a Malawi Law Society ndi a Legal Aid Bureau.

Olemekezeka,

Milandu yambiri yaupandu m'dziko muno imayamba ndi kutha popanda loya kuikhudza. Wozenga mlandu amakhala wapolisi, amene amagwira ntchitoyo ndi mphamvu zochokera kwa mkulu wozenga milandu ya boma. Woweruza amakhala majisitireti wopanda digiri ya zamalamulo. Wozengedwa amaima yekha m'bokosi, ndipo ngati wina anamufotokozerako za belo, ndi paralegal, munthu wophunzitsidwa kuthandiza anthu pa zamalamulo koma wosakhala loya, amene anamupeza m'chitokosi cha apolisi kapena kundende. Anthu amenewa, pamodzi ndi akalaliki a khoti, omasulira ndi asilikali a ndende osunga mabuku a rimandi, ndiwo asenza chilungamo cha dziko lino kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ambiri anaphunzira za milandu yaupandu kusukulu ya ogwira ntchito m'boma ku Mpemba, kusukulu za apolisi ku Limbe ndi ku Zomba, kusukulu ya asilikali a ndende ku Mapanga, kapena ali ndi dipuloma ya zamalamulo. Koma wina mwa iwo akafuna kukhala loya, palibe njira yolembedwa poyera yosonyeza poyambira, zimene amuwerengere pa zomwe anaphunzira kale, ndi utali wa ulendowo. Tikukupemphani kuti muike makwerero amenewa, muwalembe, ndipo muwalengeze.

Njira imene ilipo ndi iyi. Munthu amayamba wapeza digiri ya zamalamulo, LLB, kusukulu yovomerezedwa. Ku Zomba maphunzirowa ndi a zaka 4, ndipo malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kulowa. Lamulo la maphunziro ndi ntchito za maloya, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1965, linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education, komwe omaliza digiri amakaphunzira ntchito yeniyeni n'kulemba mayeso a uloya. Wokhoza amapereka pempho kwa mkulu wa oweruza milandu, amalumbira, dzina lake n'kulowa m'kaundula wa maloya. Akatero amayamba wagwira moyang'aniridwa ndi loya wokhwima, ndipo chaka ndi chaka amatenga laisensi, yomwe imafunanso kuti agwire maola osachepera 24 othandiza anthu osauka kwaulere. Njirayi ndi yabwino ndipo sitikupempha kuti muifupikitse kumapeto. Vuto lili kumayambiriro kwake.

Choyamba chofunika kunenedwa mosabisa n'chakuti satifiketi, dipuloma ngakhale digiri ya criminal justice, criminology kapena zachitetezo si LLB. Mwini pepala lotere sangalembe nalo mayeso a uloya. Achinyamata ambiri sadziwa izi, ndipo makolo amagulitsa chimanga ndi ziweto kulipira fizi pokhulupirira kuti mwana akuphunzira uloya, n'kudzazindikira patapita zaka kuti khomo lolowera ndi lina. Chisokonezo china chimabwera chifukwa sukulu imatha kukhala yolembetsedwa ku National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira sukulu zaukachenjede, pamene maphunziro ake a zamalamulo sanavomerezedwe ndi Khonsolo yanu ngati ofikitsa munthu pa uloya. Awa ndi mabungwe awiri osiyana ndipo kholo la ku Mchinji silingadziwe lokha. Inu a Khonsolo, tulutsani mndandanda wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Lamulaninso sukulu iliyonse yophunzitsa za milandu yaupandu kuti pa fomu yofunsira malo pazilembedwa mawu omveka onena ngati maphunzirowo amafikitsa ku mayeso a uloya kapena ayi.

Tsono tione chimene anthuwa amadziwa, chifukwa pamenepa ndi pamene dziko likutaya chuma. Mlandu waupandu umawonongeka m'malo odziwika, ndipo malo ambiri oterewa ali kutali ndi Khoti Lalikulu.

Umayamba kuwonongeka kupolisi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba lomwe khoti likhale ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Womangidwa Lachisanu madzulo m'dera lopanda galimoto ya polisi amatha kugona m'chitokosi mlungu wathunthu, ndipo buku la pakauntala ndi lokhalo limene lingasonyeze ola limene analowa. Belo ya kupolisi ndi yaulere, koma abale ambiri amafika ndi ndalama m'manja chifukwa palibe anawauza. M'masiku omwewo ndi m'mene amalemba sitetimenti. Gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni limalola kuti mawu ovomera mlandu aperekedwe kukhoti ngakhale mwiniwake akunena kuti anamukakamiza, ndipo khoti ndilo limayeza ngati mawuwo ndi akedi komanso ngati ndi oona. Choncho woyimira wozengedwa ayenera kudziwa zofunsa: sitetimenti inalembedwa nthawi yanji, m'chilankhulo chanji, anamuwerengera asanadinde chala, analipo ndani, nanga chiphaso cha kuchipatala chosonyeza mabala chilipo. Wapolisi amene wazenga milandu zaka zambiri amadziwa mafunso amenewa chifukwa wakhala akuwayankha. Wophunzira amene wangowerenga gawolo m'buku sawadziwa.

Malo achiwiri ndi tsiku loyankha mlandu. Chaji imalembedwa m'Chingerezi, womasulira n'kuitembenuza, wozengedwa n'kuyankha kuti, "Ndikuvomera, koma mbuziyo anachita kundigulitsa." Kumeneko si kuvomera. Gawo 251 la lamulo lija la kazengedwe ka milandu limafuna kuti khoti litsimikize kuti munthuyo akumvetsa mlanduwo ndi zotsatira za kuvomera kwake, ndiponso kuti akuvomera popanda chotsalira. Pamene pali "koma" wokhudza mutu wa mlandu, majisitireti ayenera kulemba kuti wakana, mboni zibwere. Zimene zimachitika n'zakuti womasulira wotopa amadula "koma" uja, kapena wozengedwa amavomera chifukwa wina m'chitokosi anamunong'oneza kuti ovomera amatuluka msanga. Mphindi zisanu zimenezi zimatha kumutengera munthu zaka. Majisitireti wa giredi yoyamba ali ndi mphamvu yopereka chilango chofika zaka 14, ndipo majisitireti wa digiri mpaka zaka 21.

Pa chilango paliponso potayika anthu. Gawo 340 la lamulo lomwelo limati munthu wolakwa koyamba asatumizidwe kundende ndi khoti la majisitireti pokhapokha ngati pali zifukwa zomveka, zolembedwa m'fayilo, zosonyeza kuti palibe njira ina. Njira zina zilipo: chilango choimikidwa, ntchito yothandiza m'dera, chindapusa. Koma wozengedwa akauzidwa kuti adandaule, amangoti ali ndi ana, n'kukhala pansi. Sadziwa kuti ayenera kutchula msinkhu wake, kuti katundu anapezeka ndi kubwezedwa, kuti anavomera osavutitsa khoti, kuti wakhala kale miyezi pa rimandi. Chilango chikapyola malire oikika, gawo 15 limafuna kuti fayilo ipite ku Khoti Lalikulu kukaunikidwa. Fayilo ikachedwa kutayipidwa kapena ikasowa pa njira, woweruza amadzaiona munthu atatsiriza kale chilango chimene chikanachepetsedwa.

Rimandi ndiye pachimake pa mavuto. Kusintha kwa lamulo la kazengedwe ka milandu kwa 2010 kunaika malire a masiku osungira munthu mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 30 podikira kutumizidwa ku Khoti Lalikulu, masiku 60 atatumizidwa, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu, kuukira boma, kugwiririra ndi kuba moopseza. Boma likafuna nthawi yoonjezera liyenera kupempha khoti, ndipo masiku akatha khoti lingathe kupereka belo ngakhale popanda wopempha. Malamulowa ndi omveka, koma sadziyendetsa okha. Pafunika munthu wotsegula buku la ndende, kuwerenga masiku, kuona chikalata cha rimandi chomwe chinatha mphamvu, kufufuza komwe doketi inaima, kaya ndi kupolisi, kwa mkulu wozenga milandu kapena ikudikira lipoti la dokotala wopima mtembo, kenaka n'kulemba pempho. Timakonda kunena kuti mlandu suwola, koma mboni zimasamuka, zina zimamwalira, wofufuza amatumizidwa ku siteshoni ina, ndipo munthu amene sanapezeke wolakwa amakhala akudwala ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kudzaza kwa ndende zathu pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wokwanira ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Gawo lina la kudzazako limachokera pa mapempho osalembedwa.

Ntchito yowerenga masikuyi ma paralegal aigwira kuyambira mu 2000, pamene Paralegal Advisory Service inayamba kulowa m'ndende, kuphunzitsa a pa rimandi mmene angapemphere belo ndi kudziyankhulira, ndi kukonzekera makhoti okhalira kundende komweko. Maiko ena a mu Africa anadzatengera njira imeneyi. Mfundo za Lilongwe za 2004 zokhudza thandizo la zamalamulo pa milandu yaupandu zinamangidwa kuno, ndipo mu 2012 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zozindikira ntchito ya ma paralegal. Chigamulo cha Kafantayeni cha 2007 chitathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha munthu aweruzidwe kuphedwa, panafunika kumvanso chilango cha akaidi ambiri, ntchito imene inayamba mu 2015. Mafayilo ena anali atasowa. Amene anayenda m'midzi kukafunsa mafumu, abale ndi anansi za mbiri ya mkaidi aliyense anali ma paralegal pamodzi ndi ophunzira ndi maloya ochepa. N'zomvetsa chisoni kuti dziko limene linaphunzitsa ena njirayi silinakonze poti anthu akewo akwerere.

Sitikunena kuti odziwa milandu yaupandu ndi maloya kale. Zimene sadziwa n'zambiri. Loya amalandira laisensi imodzi yomulola kugwira mlandu wa malo, wa mgwirizano wa malonda, wa chuma cha masiye, wa banja, wa kampani, wa ntchito, wotsutsa chiganizo cha boma. Maphunziro a criminal justice amakhazikika pa zifukwa zimene anthu amapalamulira, kafufuzidwe, kasungidwe ka akaidi ndi kayendetsedwe ka polisi, ndipo sakhudza nthambi zinazo. Ngakhale pa milandu yaupandu pomwepo, kuzolowera ntchito kumabwera ndi zizolowezi zoipa. Wozenga milandu wakale amatha kuona wozengedwa aliyense ngati wolakwa, ndipo amadziwa zimene zimachitika koma osadziwa chifukwa chake lamulo linalembedwa motero. Kutsutsa lamulo lenilenilo, monga zinachitikira pa mlandu wa Mayeso Gwanda mu 2017, pamene khoti linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a upandu, Penal Code, lomwe apolisi ankagwirira anthu vakabu, kumafuna munthu wozama pa malamulo aakulu a dziko ndi kafukufuku wa zigamulo. Zimenezi zimaphunziridwa pa digiri. Choncho LLB ikhalepo kwa aliyense, mayeso a uloya akhale amodzi kwa onse, ndipo pasakhale uloya wa giredi yachiwiri.

Chimene tikupempha n'chakuti munthu asabwezedwe poyambira ngati sanaphunzirepo kanthu. A Khonsolo, pamodzi ndi mayunivesite, ikani lamulo limodzi la kawerengedwe ka maphunziro akale. Mwini dipuloma yovomerezeka amene wagwira ntchito za milandu zaka zoikika aloledwe kulemba mayeso omwewo amene ophunzira a digiri amalemba pa maphunziro ochepa ofanana, monga chiyambi cha malamulo, malamulo a upandu, kazengedwe ka milandu ndi umboni. Wokhoza amuchotsere phunzirolo, wolephera alowe m'kalasi. Muike malire a kuchuluka kwa zochotsedwa, kuti mbali yaikulu ya digiri iphunziridwebe pasukulupo. Kuwerengera munthu pongoona pepala kapena kalata ya bwana wake kungatsegule khomo la ziphuphu ndi kukondera, n'chifukwa chake tikuumirira mayeso. Mayunivesite asungenso malo owerengeka chaka chilichonse a anthu ochokera m'ntchitozi, ndipo chiwerengerocho chizilengezedwa pamodzi ndi zoyenereza.

Kulola munthu kulowa sikukwanira ngati sangakwanitse kukhalamo. Majisitireti wa ku Rumphi kapena wozenga milandu wa ku Mwanza ali ndi banja ndipo sangasiye malipiro zaka 4. Akachoka onse nthawi imodzi, makhoti a m'maboma aima. Pafunika maphunziro a kumapeto kwa mlungu kapena a masabata angapo motsatizana pa nthawi yoikika, otalikirapo kuposa a masiku onse koma a mayeso omwewo. Laibulale isakhale chifukwa chokanira, popeza malamulo ndi zigamulo zambiri zili pa intaneti kudzera pa MalawiLII, ndipo chofunika n'kupatsa ophunzira njira yozifikira. A Nduna, kambiranani ndi a polisi, a ndende ndi a makhoti kuti pakhale ndondomeko imodzi ya tchuthi cha maphunziro, m'malo mosiya nkhaniyi m'manja mwa bwana wa pa siteshoni. Boma likalipira fizi, wophunzirayo asayinire kuti akamaliza adzagwira zaka zofanana ndi zimene analipiriridwa ku Legal Aid Bureau kapena kwa mkulu wozenga milandu, m'boma limene adzatumizidwe. Mgwirizano wotere umalephera pa zifukwa ziwiri zodziwika: munthu amabwerako ndi digiri n'kupeza kuti palibe mpando wa giredi yake, kapena amathawira ku kampani ya maloya mumzinda popanda womutsata. Mipando ikonzedwe iye asanamalize, ndipo a Malawi Law Society azifunsa umboni woti mgwirizano ukutsatidwa asanavomereze laisensi.

Makwererowa akhale oyenda mbali zonse ziwiri. Wophunzira wochokera ku sekondale n'kulowa digiri amafunika zimene anzake a m'ntchito ali nazo kale. A Malawi Institute of Legal Education, ikani masabata okakamiza amene wophunzira aliyense adzakhale pa siteshoni ya polisi, pa khoti la majisitireti ndi pa ofesi ya rimandi kundende, ndipo mayeso ake akhale a ntchito yooneka. Apatsidwe doketi yochotsedwa maina apeze zolakwika pa chaji. Awerenge masiku a rimandi a anthu angapo n'kulemba pempho la belo lotsata lamulo la kaperekedwe ka belo, Bail Guidelines Act, lofotokoza komwe munthuyo amakhala, omuimira ndi chifukwa chake sangathawe. Adandaulire wolakwa koyamba pamaso pa woyesa. Afunse mboni m'Chichewa kapena m'chilankhulo china cha kuno, chifukwa loya amene sangamve pamene womasulira waphonya sangateteze munthu wake. Adziwenso kuti mwana sazengedwa ngati wamkulu: lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana linakhazikitsa makhoti a ana ndi njira zopatutsira mwana ku khoti, ndipo cholakwika chofala n'kulemba msinkhu wongoyerekeza pa doketi, mwana wa zaka 16 n'kupezeka m'chipinda cha akuluakulu. M'kalasi yophatikiza magulu awiriwa, aliyense amaphunzitsa mnzake zimene mphunzitsi sangathe yekha.

Tikudziwa mkangano umene unabuka pamene a Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osauka pa milandu, anapempha kuti ma paralegal awo aziloledwa kuyankhula m'makhoti a majisitireti, a Malawi Law Society n'kukana poopa kutsika kwa ntchito. Nkhawa imeneyo si yopanda pake. Munthu wosauka sayenera kupatsidwa thandizo losalongosoka chifukwa choti ndi wosauka. Koma lero mbali ya boma m'khoti lomwelo ikuimiridwa ndi wapolisi wopanda digiri, ndipo wosowa womuyankhulira ndi wozengedwa yekha. Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015, ilibe maloya okwanira maboma onse 28, pamene maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komwe kuli Khoti Lalikulu ndi makasitomala olipira. Makwerero amene tikupemphawa angathetse mbali yaikulu ya mkanganowu. Paralegal amene ali m'kaundula, amene wakhoza mayeso a Khonsolo pa kazengedwe ka milandu ndi umboni, aloledwe zinthu zowerengeka: kupempha belo, kukumbutsa khoti za masiku a rimandi, ndi kudandaulira wovomera mlandu waung'ono. Azigwira pansi pa loya wotchulidwa dzina amene aziyankha zikalakwika, chilolezo chake chizitha chaka ndi chaka, ndipo pakhale komudandaulira. Milandu yofuna mboni zambiri ndi yonse ya ku Khoti Lalikulu ikhalebe ya maloya. Ntchito yoyang'anira ma paralegal iziwerengedwa pa maola 24 aja, kuti loya wa ku Blantyre athe kuthandiza khoti la ku Neno popanda kupitako mlungu uliwonse.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchisamala kwa ochokera kupolisi ndi kumakhoti. Amene anali wozenga milandu kapena majisitireti akakhala loya, asaloledwe kugwira mlandu uliwonse umene anaukhudzapo ali pa ntchito yakale, ndipo papite nthawi asanayambe kuimira anthu pa khoti lomwe ankagwirapo. Popanda lamulo lotere anthu adzayamba kusankha loya chifukwa cha anzake amene anawasiya pa siteshoni, ndipo mbiri ya njira yonseyi idzaipa isanakhazikike.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zatsopano kapena kudikira Nyumba ya Malamulo. Mndandanda wa sukulu zovomerezeka, chenjezo pa mafomu, ndi mayeso owerengera maphunziro akale zili m'manja mwa Khonsolo ndi mayunivesite. Masabata a kupolisi ndi kundende ali m'manja mwa Malawi Institute of Legal Education. Zofuna kusintha lamulo ndi chilolezo cha ma paralegal, ndipo zofuna bajeti ndi fizi ndi mipando ya m'maboma. Tikupempha kuti mabungwe anu akhale pansi limodzi, aitanenso oimira apolisi ozenga milandu, mamajisitireti a magiredi ndi ma paralegal, ndipo ndondomeko yolembedwa ituluke mayunivesite asanalengeze malo a chaka chamawa, kuti wofuna kufunsira adziwe mapepala oti asonkhanitse ndi mayeso oti akonzekere.

Ndife,
ena mwa ogwira ntchito ndi ophunzitsa za milandu yaupandu m'Malawi.